Lekani kuopseza anthu ndi mawu akuti "organic"

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mayi wina amene ndimamudziwa wasiya kugulira ana ake malalanje ndi tomato chifukwa mnzake anamuuza kuti chilichonse chosalembedwa kuti "organic" chilibe ma antioxidant (tinthu ta m'zakudya tothandiza kuteteza maselo a m'thupi kuti asaonongeke), ati ndi poizoni yekhayekha. Za organic zo, zolimidwa popanda feteleza wa m'thumba ndi mankhwala opopera a m'fakitale, thumba lake silingakwanitse. Ndiye anawo akudya chiyani tsopano? Mabisiketi ndi zakumwa za shuga.

Inu amene mumalankhula zoterezi, mwamuthandiza chiyani mayi ameneyu? Mwalanda ana chipatso m'manja, m'malo mwake simunaikemo kanthu.

Lalanje ndi lalanje, anthu inu! Vitamini C ali m'kati mwa chipatso, sali pa kapepala komata pamwamba. Kufiira kwa tomato ndi lycopene, mtundu wa karoti ndi beta-carotene, zonsezi ndi ma antioxidant, ndipo mbewu imadzipangira yokha zimenezi, kaya mlimi anathira manyowa kaya feteleza wa m'thumba.

Ulimi wa organic sindikuunyoza, ubwino wake ulipo. Mu 2014 akatswiri otsogozedwa ndi yunivesite ya Newcastle ku England anasanthula zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 343, ndipo anapeza kuti mbewu za organic zimakhala ndi ma antioxidant ochulukirapo komanso zotsalira za mankhwala opopera zimakhala zochepa. Akuti mwina mbewu yosapoperedwa imalimbikira kudziteteza yokha ku tizilombo. Komanso mu 2012 anzawo a ku yunivesite ya Stanford ku America sanapeze umboni wamphamvu woti zakudya za organic n'zopatsa thanzi kuposa zinazo. Akatswiri okhaokha akukokanakokana, koma palibe mbali imene inati tomato wamba alibe kanthu. Palibe! Kunena kuti uku zachulukirapo sikunena kuti uko kulibe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba tsiku lililonse. Silinaikepo lamulo loti zikhale za organic. Chimene thupi likufuna ndi chakuti zipatsozo zizilowa m'kamwa lero, mawa ndi mkuja. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwana wodya lalanje wamba tsiku ndi tsiku ali bwino kuposa amene akudikira la organic kumapeto kwa mwezi. Tsukani ndi madzi oyera, mupatseni adye.

Ndiponso masamba a organic omwewo, mukawasiya masiku mpaka afote, kenako n'kuwabwatitsa nthawi yaitali madzi ake n'kutaya, vitamini C wambiri wapita ndi madziwo. Kapepala kaja sikamubweza. Amene ali nazo ndalama agule za organic, adye, Mulungu awadalitse. Koma asamaimirire pamutu pa wosauka n'kumamuchititsa manyazi ndi kabichi wake.

Chinanso chimene chimandinyansa, anthu omwewa akamaliza kukuopseza amatulutsa kabotolo ka mapilitsi a antioxidant kuti ugule. Mu 1994 zotsatira za kafukufuku wa ku Finland pa amuna osuta fodya oposa 29,000 zinaonetsa kuti amene ankamwa mapilitsi a beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa amene sankamwa. Ogulitsawo zimenezi amakuuzani?