Wokugundani alibe inshuwalansi? Chipukuta misozi chilipo ndithu

Abale anga a ku Thyolo ndi Mulanje amene tili kuno ku Joni, pali bodza limene likutipundula, ndipo ine landikwana. Munthu akagundidwa ndi galimoto, anzake amamuuza kuti poti woyendetsayo alibe inshuwalansi, palibe chimene angapeze, angothokoza kuti ali moyo. Maganizo amenewa tinachoka nawo kumudzi, kumene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ndipo wovulala amayang'ana kukampani. Ku South Africa sizili choncho. Kuno kuli thumba la boma lotchedwa Road Accident Fund, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo ndalama zake zimachokera ku msonkho wa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, kotero kuti wovulala amapempha chipukuta misozi kuthumbali kaya wolakwayo ali ndi inshuwalansi kaya alibe.

Mphwanga ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga yamoto ku Johannesburg. Atamugunda, mwini galimoto anafika kuchipatala ndi nkhope yachisoni, namupatira m'manja tindalama tosakwana ngakhale lendi ya mwezi umodzi, ati nkhani ithere pomwepo, asaipititse kupolisi. Mnyamatayo, poopa kufunsidwa za mapepala ake, anavomera. Lero ali ku Luchenza ndi chitsulo m'ntchafu, akuyendera ndodo, sangakwere chitunda ndi dengu la tiyi kumsana, ndipo amayi athu okalamba ndiwo akumutungira madzi. Wogundayo akuyendabe m'misewu ngati sanalakwe kanthu. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti amene anamulangiza kuti alandire ndi ife tomwe, anthu a kwathu, amene timadya naye nsima m'mbale imodzi.

Nthawi nayo siyembekeza munthu. Ngati wogundayo kapena mwini galimoto akudziwika, muli ndi zaka zitatu zoperekera pempho, koma ngati anathawa osadziwika, zaka zake ndi ziwiri zokha. Chofunika ndi lipoti la apolisi, mapepala a kuchipatala ndi umboni wa malipiro amene munkalandira, ndipo apa m'pamene ambiri timagwera, chifukwa mabwana athu amatilipira pamanja popanda cholembedwa chilichonse. Thumbali limalipira zakuchipatala, malipiro otayika, ndi chithandizo cha ana ngati kholo lamwalira. Ndalama ya ululu imaperekedwa pokhapokha dokotala atatsimikiza kuti kuvulalako n'kwakukulu, ndipo njinga yophwanyika silipiridwa.

Za mapepala okhalira m'dziko muno, mu 2022 anaika lamulo loti mlendo wopempha chipukuta misozi kuthumbali azisonyeza kuti anali muno movomerezeka, koma mu 2024 khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo. Choncho pitani kwa loya akuuzeni pamene nkhaniyi ili musanataye mtima. Koma chenjerani ndi anthu ozungulira m'mawodi ndi mafomu, ofuna kuti musaine mudakali ndi diripi pamkono. Loya wolipidwa mlandu ukapambana saloledwa kutenga zoposa 25 peresenti ya ndalama zimene mwapatsidwa, ndipo pangano lake liyenera kulembedwa.

Inu amene muli kumudzi, m'bale wanu akavulala musamufulumize kuti akwere basi abwere. Ayambe watenga nambala ya lipoti kupolisi ndi mapepala ake onse a kuchipatala, chifukwa kuzilondola ali ku Thekerani kapena ku Muloza n'kovuta kwambiri.