Chenjezo kwa Inu Omwaza Chimanga Mukangokolola

Abale ndi alongo, makamaka inu ana athu amene mwangoyamba kumene mabanja, tcherani khutu, chifukwa zimene zikuchitika m'midzi mwathu nthawi yokolola zikutichititsa manyazi ife akuluakulu. Chimanga chikangolowa m'nyumba mu Meyi ndi Juni, mumaiwala kuti chaka chili ndi miyezi 12. Nsima imaphikidwa yochuluka mpaka mikute kumatayidwira nkhumba, masese amafululidwa sabata iliyonse, ndipo pa zinkhoswe ndi pomanga ziliza mumachita kupikisana kuti ndani wakonoletsa matumba ambiri.

Choipitsitsa ndi kuthamangira kwa mavenda amene amakhala ndi masikelo awo m'mphepete mwa msewu, podziwa kuti nthawi imeneyi chimanga chili paliponse ndipo mtengo wake uli pansi. Sindikudzudzula mayi amene wagulitsa ndowa kuti alipire fizi kapena atengere wodwala kuchipatala, pakuti ameneyo wapanikizika. Ndikunena iwe bambo amene umasenza thumba m'bandakucha mkazi wako asakudziwa, n'kukalisandutsa kachasu, kanyenya ndi foni yatsopano. Chimanga chomwecho udzachigulanso mu Januwale pa mtengo wowirikiza, kapena udzakagona pamzere ku ADMARC n'kubwerako chimanjamanja.

Apo m'pamene kadyedwe ka pakhomo kamasintha. Banja limene linkadya katatu limayamba kudya kamodzi, madzulo okha, ndipo nsima yake ndi ya kaufa ka walkman kogula pamsika, kapena ya gaga yemwe munkapatsa nkhuku. Masana ana amangotolera mango osapsa n'kuwiritsa. Makolo amakakhalira ganyu m'minda ya eni ake nthawi yopalira ndi kubandira, munda wawo uli kumera thengo, motero njala ya chaka chino imabereka ya chaka chamawa.

Wamkulu angathe kumanga lamba n'kufika madzulo, koma mwana wamng'ono sangatero. Kamimba kake n'kakang'ono, kamadzaza msanga n'kuphwanso msanga, choncho amafunika kudya pafupipafupi, phala lothira nsinjiro m'mawa, kenako mbatata, nthochi kapena dzungu nsima isanapse. Mukamamudikiritsa mbale imodzi ya madzulo, imenenso akulimbirana ndi azikulu ake, thupi lake limaima kukula, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Chimandinyansa kwambiri ndi mwambo wopakulira bambo nyama yonse ndi mitu ya chambo, ana n'kumangonyambita msuzi. Enanso mwasiyiratu kuphika m'mawa chifukwa choti kusukulu kuli phala la Mary's Meals, ngati kuti Loweruka, Lamulungu ndi pa holide mwanayo samva njala.

Mudzanena kuti vuto ndi nyengo, ndipo pamenepo pali zoona. Namondwe wa Freddy anakokolola minda ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 ng'amba inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 agweredwa tsoka. Zimenezo palibe anazifuna. Komatu munthu amene waona zaka ziwiri zoterozo motsatizana n'kumamwazabe chakudya, sangaloze chala kumitambo, popeza chakudza sichiyimba ng'oma.

Musanagulitse ngakhale mbale imodzi, khalani pansi nonse awiri muwerengetsere kuti thumba la makilogalamu 50 limakutengerani masiku angati, kenako mupatule matumba okufikitsani mu Epulo. Chimangacho chiume bwinobwino, muchithire mankhwala a Actellic kapena muchisunge m'matumba osalowa mpweya a PICS, chifukwa anankafumbwe angathe kukusiyirani fumbi lokhalokha pofika Disembala. Yambani kudya mgaiwa lero, popeza kukonola kumataya gawo lalikulu la chimanga, ndipo lekani kunena kuti mwagona ndi njala tsiku limene mwakhuta chinangwa kapena mbatata. Inu mafumu ndi ankhoswe, bambo aliyense wopezeka akuzembetsa thumba la banja lake mumuitanitse pabwalo adzafotokoze pamaso pa anthu chimene ana ake adzadye mu Febuluwale.