Musanagule matabwa, gwedezani kaye mizati

Abale anga a kuno ku Scotland, nyengo yozizira ikatha tonse timasuzumira kuseri kwa nyumba kuona zomwe mphepo yatisiyira. Ndinenepo zanga pa nkhani ya mipanda, poti ine zinandikwana.

Mphepo yamkuntho ija ya Storm Éowyn ya pa 24 January 2025, tsiku lomwe anatiuza kuti tisatuluke m'nyumba, inandigwetsera mapanelo awiri a mpanda, zigawo zamatabwa za pakati pa mizati zija. Poumira mapaundi, ndinangogula awiri atsopano n'kukhomerera pa mizati yomwe ija. Mphepo itabweranso anagwa anayi, atsopanowo ali pomwepo. Ndalama zija ndinangotaya m'madzi.

Matabwa analibe mlandu. Mzati wamtengo umaolera m'tsinde, pomwe wakumana ndi dothi lonyowa, pamwamba ukuoneka bwinobwino. Kwathu timalira ndi chiswe. Kuno ntchito ya chiswe imagwiridwa ndi chinyezi, mwakachetechete. Ndiye musanapite kushopu, gwedezani mzati uliwonse, mubaye m'tsindemo ndi sikuludiraiva. Ikalowa ngati mukubaya mbatata yophika, ameneyo wapita basi.

Ngati woola ndi umodzi kapena iwiri, konzani. Pali kamzati kakafupi ka konkire komwe amakatcha concrete spur, mumakakumbira pambali n'kumanga ndi mabawuti, mpanda n'kuimanso. Koma ngati theka la mizati likugwedera, lekani zoika zigamba. Zulani zonse, muike mizati ya konkire ndi gravel board, chotchinga chopingasa chogoneka m'munsi, kuti thabwa lisakhudze dothi. Ndi yodula, inde, ndipo kulemera kwake msana umachita kudziwa. Ubwino wake, panelo likathyoka mumangolisolola n'kulowetsa lina. Komanso ine ndiye sindidzagulanso mapanelo otsekeratu aja: amakola mphepo ngati thanga la bwato. Mpanda wa timipata pakati pa matabwa umailola mphepo kudutsa.

Za inshuwaransi musayembekezere kwambiri. Inshuwaransi zambiri za nyumba sizilipira mpanda wogwa ndi mkuntho, werengani yanu muone.

Ndipo zija timauzana kuti mpanda wa kumanzere ndiye wako, si lamulo ayi. Onani mapepala a nyumba, kapena funsani landilodi ngati mukuchita lendi. Wanga unapezeka kuti ndi wa tonse awiri ndi aneba, gogo wina wachizungu. Tinagawana mtengo pakati, ine ndinakumba maenje, iwo ankangobweretsa tiyi.