Mawu oti "bug" amatibisira mwini cholakwa

Olemba mapulogalamu a pakompyuta akanena kuti "muli bug" amatanthauza kuti pulogalamuyo ili ndi cholakwika, ngakhale kuti m'Chingerezi mawuwa ndi dzina la kachilombo. Ambiri amakhulupirira kuti mawuwa anayamba pa 9 September 1947, tsiku limene akatswiri a kompyuta ya Harvard Mark II, gulu limene munali Grace Hopper, mayi wodziwika pa ntchito yolemba mapulogalamu, anapeza njenjete itapanikizika pakati pa tizitsulo tolumikiza magetsi, n'kuimata m'buku lawo la zochitika za tsiku ndi tsiku. Bukulo likusungidwa ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya Smithsonian mumzinda wa Washington. Komatu zimene analemba pansi pa njenjeteyo, zoti aka kanali koyamba kupeza kachilombo kenikeni, zikusonyeza kuti mawuwa anali atazolowereka kale. Ngakhale Thomas Edison, katswiri wopanga makina wa ku America, anawagwiritsa ntchito m'kalata ya mu 1878 pofotokoza timavuto ta m'makina ake.

Chimene chimandivuta ndi chithunzi chimene mawuwa amaika m'maganizo. Kachilombo kamalowa kokha, ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga, ndipo mwini thumba amangodandaula. Koma cholakwika cha mu pulogalamu sichikwawa kuchokera kunja. Pali munthu amene anachilemba ndi zala zake. Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, ananena zimenezi mu 1988 pamene analimbikitsa kuti tisiye mawu oti "bug" n'kumanena poyera kuti ndi kulakwitsa, ndipo ine ndikugwirizana naye, makamaka pophunzitsa achinyamata amene angoyamba kumene ntchitoyi.

Mawu oti "patch", amene amatanthauza kachidutswa kokonzera cholakwika cha mu pulogalamu, ndiwo ndimawakonda, chifukwa ndi chigamba basi. Kale mapulogalamu ankasungidwa pa makadi ndi timizere ta pepala tobooledwa, ndipo bowo likakhala polakwika ankamatapo kachidutswa ka pepala, monga mmene telala amachitira ndi buluku long'ambika. Mawu amenewa amavomereza kuti panali pong'ambika ndiponso kuti pali dzanja limene lasoka.

Sindikunena kuti mawu ozikika chonchi angazulidwe, ndipo inenso ndimawatchula pa ntchito. Koma wophunzira akabwera n'kundiuza kuti pulogalamu yake yalowa "bug", ndimamupempha kuti andisonyeze mzere umene analemba ndi chimene ankafuna kuti mzerewo uchite, kenako timayambira pamenepo.