Chakumwa cha Othamanga Si cha Aliyense Wotuluka Thukuta

Dzulo madzulo ndinapsa mtima pamalo pamene ndimachitira masewera olimbitsa thupi, ndipo mpaka tsopano mkwiyowo sunaphwe. Mayi wina wachikulire, amene adokotala anamulangiza kuti aziyenda ndawala kwa mphindi 30 tsiku lililonse kuti achepetse thupi, anali atangotsika pa makina oyenderapo pamene mnyamata wophunzitsa masewera anamuyandikira atanyamula botolo la chakumwa chobiriwira. Ndinamva ndi makutu anga akunena kuti, "Amayi, mukapanda kumwa ichi, mphamvu zimene mwataya sizibwerera, ndipo ndi bwino mugulenso chitini cha ufa wa mapuloteni." Mayiwo anatulutsa ndalama, namwa botolo lonse ali chiimire, kenako anathokoza mnyamatayo ngati wawapulumutsa ku imfa.

Ndikunena mosabisa mawu kuti kumeneku ndi kubera anthu masana dzuwa likuswa mtengo. Chakudya ndi zakumwa zimene anazikonzera akatswiri a masewera ndi za akatswiri a masewera, osati za munthu aliyense amene watuluka kathukuta pamphumi. Munthu wolemera makilogalamu 70 akayenda ndawala kwa theka la ola amawotcha makalori (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 150, pamene theka la lita la zakumwa zoterezi limakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 30, amene ndi timasupuni 7 ndipo amapereka makalori 120. Choncho mayi uja, amene anabwera kudzachepetsa thupi, anabwezera m'mphindi ziwiri pafupifupi zonse zimene anavutikira kuchotsa, ndipo analipira kuti zimenezi zimuchitikire. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amadya patsiku, amene kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50. Botolo limodzi lokha ladya kale zoposa theka la malire amenewo!

Kodi anthu amadziwa kumene zakumwa zimenezi zinachokera? Gatorade, chimodzi mwa zakumwa zoyambirira zamtunduwu, anaipanga mu 1965 pa yunivesite ya Florida, motsogozedwa ndi dokotala wina dzina lake Robert Cade, ndipo anaipangira osewera mpira wa ku America amene ankaphunzira masewera kwa maola ambiri padzuwa lotentha atavala zovala zolemera, mpaka kutaya madzi ndi mchere wambiri m'thupi. Amenewo ankafunikadi shuga ndi mchere mwamsanga. Koma thupi limasunga shuga wake m'minofu ndi m'chiwindi, wokwanira kuthamanga mwamphamvu kwa mphindi pafupifupi 90, motero amene wachita masewera osafika ola limodzi sanayandikire n'komwe kumaliza nkhokwe yake. Munthu wotere amafunika madzi, kenako chakudya chake cha nthawi zonse. Ndibwerezanso, chifukwa zikuoneka kuti ena samva akauzidwa kamodzi: amafunika madzi ndi chakudya wamba basi.

Za ufa wa mapuloteni ndiye zimandinyansa kwambiri. Munthu wamkulu amafunika magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kutanthauza magalamu 56 patsiku kwa wolemera makilogalamu 70, ndipo amene amanyamula zitsulo kapena kuthamanga mitunda italiitali tsiku ndi tsiku ndiwo amalangizidwa magalamu 1.2 mpaka 2.0. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ili ndi 8, ndipo nyemba, nsomba ndi nyama zimakwaniritsa zotsalazo popanda vuto. Ufawo si poizoni, ndipo kwa katswiri amene akusowa nthawi yophika ungamuthandize, koma kuuza gogo woyenda mphindi 30 kuti popanda chitini minofu yake idzasungunuka ndi bodza la mkunkhuniza. N'zodziwikiratu kuti mnyamatayo amapeza kangachepe pa chitini chilichonse chimene wagulitsa. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitinicho n'chonyezimira, pali chithunzi cha munthu wa minofu ngati miyala, koma ku America, kumene zambiri zoterezi zimapangidwa, lamulo la 1994 limalola kuti zigulitsidwe popanda kuvomerezedwa kaye ndi bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA monga zimakhalira ndi mankhwala.

Mphamvu za tsiku ndi tsiku sizikhala m'botolo. Zimachokera ku chakudya cha m'mawa chimene anthu ambiri amachidumpha, ku zipatso ndi ndiwo zamasamba, ku madzi akumwa ndiponso ku tulo tokwanira.

Ndipo poti ndatchula tulo, ndisaiwale anyamata amene amamwa ufa wina wodzaza ndi caffeine, chinthu chothamangitsa tulo chopezekanso mu khofi, nthawi ya 7 koloko madzulo asanayambe kunyamula zitsulo. Theka la caffeine ameneyo limakhala lidakali m'magazi patapita maola pafupifupi asanu, ndiye amagubuduzika pabedi mpaka pakati pa usiku, m'mawa n'kudzuka ali ofooka, n'kumadandaula kuti alibe mphamvu. Akapita kukafunsa malangizo kwa mnyamata yemwe uja, amawagulitsa chitini china.