Mahari ndi a mkazi, osati a amalume

Kuno ku Kasungu nikaa (maukwati a Chisilamu) zambiri zimamangidwa bwinobwino: wali (bambo kapena m'bale wamwamuna woimira mkazi) alipo, mboni ziwiri zilipo, mkazi wavomera yekha. Pomwe timalakwitsa ndi pa mahari, mphatso ya ukwati imene mwamuna amapereka kwa mkazi. Ndalama ikangoperekedwa, amalume amaipinda n'kuika m'thumba ngati chiongo, ndipo palibe amene amalemba kuti inali zingati. Chonsecho Qur'an 4:4 imalamula kuti mahari apatsidwe kwa mkazi mwiniwake. Akafuna kugawirako makolo ake, zikhale zochokera mumtima mwake.

Vuto limadzaonekera banja likamatha. Mkazi amene watopa ndi banja, ngakhale mwamuna sanamulakwire, ali ndi ufulu wopempha khulu, kutanthauza kuti mwamuna amusiye, ndipo amabweza mahari. Mkazi wa Thabit ibn Qays, mmodzi wa otsatira Mtumiki Muhammad (SAW), anabweza munda umene anapatsidwa ngati mahari, Mtumikiyo n'kuuza Thabit kuti aulandire, amusiye mkaziyo. Nanga wathu uja abweza chiyani, poti ndalama anadya ena? Popanda cholembedwa, mwamuna amayamba kuwerengetsa zitenje, feteleza, ngakhale mbuzi ya paphwando, mkazi n'kumangokhala m'banja lomwe sakulifuna. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Choncho pa tsiku la nikaa, a shehe alembe pa setifiketi kuchuluka kwa mahari, zomwe zaperekedwa ndi zotsala, mboni zisayine, ndipo mkazi asunge pepala lakelake. Zotsalazo ndi ngongole, sizifa ndi talaka (kusudzula kochokera kwa mwamuna).

Azimayi, musamasokonezenso khulu ndi fasikhi, komwe ndi kuthetsa ukwati kochitidwa ndi mashehe. Ngati bambo anapita ku Joni zaka zapitazo osatumiza thandizo, kapena amakumenyani, pitani kwa mashehe ndi mboni zanu mukapemphe fasikhi. Iwo amatha kuthetsa ukwatiwo ngakhale mwamuna akukana, ndipo simuyenera kugula ufulu wanu ndi mahari pamene wolakwa ndi iyeyo.

Mwamuna akapereka talaka, eda (nthawi yoti mkazi adikire asanakwatiwenso) ndi misambo itatu, kapena mpaka kubereka ngati muli oyembekezera. Nthawi yonseyo chakudya ndi pogona ndi udindo wake, ndipo Qur'an 65:1 imaletsa kukutulutsani m'nyumba. Pachikamwini amuna ena amangonyamula chikwama n'kubwerera kwawo, kumayesa kuti udindo wathera pomwepo. Ayi ndithu.

Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira maukwati achipembedzo, kotero za kugawana katundu ndi chithandizo cha ana mutha kupita nazo kukhoti. Popita musaiwale setifiketi ya nikaa ija.