Pemphero la pa tebulolo lili ndi mbiri yake

A mtolankhani, mwalemba kuti banja la a Robertson a mu Duck Dynasty, pulogalamu ya pa TV ya ku America, ndi chitsanzo chifukwa gawo lililonse limathera pa tebulo, onse ataweramitsa mitu kupemphera. Sindikukana. Koma mwadumpha mayi Kay, mkazi wa a Phil, bambo wa banjalo. A Phil asanabatizidwe m'ma 1970 anali chidakwa chotheratu, mpaka anathamangitsa mkazi ndi ana pakhomo. Mayiwo ndi amene anapirira mpaka bamboyo anabwerera. Mu 2020 kunatulukiranso mwana wamkazi amene a Phil anabereka kunja kalekale, ndipo banjalo linamulandira. Kwa ine chikhulupiriro chawo chili pamenepo, osati pa "Amen" wa pa kamera uja.

Komanso anzanga owerenga, tisaiwale kuti Duck Commander, kampani ya banjali ya ku West Monroe ku America, imagulitsa tizitoliro toitanira abakha, ndipo TV inawathandiza malonda. Kwathu tinali ndi chigayo cha banja. Tinkapemphera m'mawa uliwonse tisanalize injini, koma tsiku limene achimwene anabisa kabuku ka ndalama pansi pa matumba a gaga, ine ndi iwo tinatha zaka ziwiri osapatsana moni.